Pansi Posang'ambika pa Nivrutti

Ku Bhiwandi, kumene minda ya mpunga inamezedwa ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, kunali mwamuna wina dzina lake Nivrutti Gharat. Ntchito yake inali yothira konkire pansi pa nyumbazi, koma ntchitoyo inkamukana. Amati akathira, dzuwa n'kuwomba, konkire n'kuuma msanga ndi kudzikoka, posakhalitsa ming'alu yayanga ngati mizu. Ankadula mizere ndi chochekera kuti mng'alu utsate momwemo, ankafunditsa masaka onyowa, koma makina onyamula katundu akayamba kupondapo, m'mphepete mwa mizere munkanyenyeka. Eni nyumba ankamulalatira pamaso pa antchito ake.

Mlamu wake Kashinath, wa ntchito yomweyo, anali atagula makina osalazira ndi galimoto yonyezimira. Galimotoyo ikadutsa, Nivrutti ankaiyang'ana ndi nsanje. Mkazi wake Shevanta ankamuuza kuti afatse, poti Kashinath, mlongo wake wa mkaziyo, anayambanso ndi fosholo, koma mawuwo ankangowonjezera moto.

Tsiku lina masana anawoloka khwawa n'kupita kuseri kwa mauvuni a njerwa, kwa sing'anga wotchedwa Dhondu. Mkuluyo anamvetsera akusisita phulusa m'manja.

"Konkire ndi yamwano, iyenera kung'ambika basi," anatero Dhondu. "Ine sindipha mng'alu, ndimangousamutsa."

"Kuusamutsira kuti, Baba?"

"Kwa odya za mumphika wako. Pansi paliponse, tsitsi la munthu mmodzi. Ulikulunge m'kansalu kofiira, uliponye m'konkire yoyamba. Mizere usadulenso."

"Nanga munthuyo zimuthera bwanji?"

"Wabwera kudzafunsa za munthu kapena za pansi?"

Nivrutti anaweramitsa mutu, natenga tinsalu tofiira timene anamupatsa.

Anayamba ndi mayi ake, a Gangubai. Anazula tsitsi pachipeso chawo akudziuza kuti ndi okalamba kale, matenda sangawasowe. Pansi pamene anathira panatuluka ngati galasi, popanda mzere, popanda mng'alu. Eni nyumba ankabwera kudzapasisita ndi manja. Mwezi womwewo zidendene za mayi ake zinang'ambika mpaka kutuluka magazi. Tsiku lina akudzuka pamphasa, fupa la m'chiuno linangothyoka lokha. Mvula isanayambe anamwalira, mtembo wawo n'kuutentha mwa mwambo wa kumeneko.

Nivrutti analira zenizeni, koma ntchito zinali zitamuunjikira kale. Ndiye anaganiza nzeru. Anayamba kuitanira kunyumba antchito ake ochokera kutali ku Odisha kuti azidya mpunga ndi nsomba, ndipo anthu anamutama kuti ndi bwana wamtima wabwino. Wantchito wina, Sahdev, anathyoka mkono akunyamula ndowa yopanda kanthu. Mnzake anapindika msana akumanga nsapato, anamubweza kwawo atagona pamachira. Nivrutti anamanga nyumba yosanja, anagula galimoto yoposa ya mlamu wake, koma pansi sankakhala. Ankangozungulira m'nyumba zimene anathira kale, akugogoda ndi nyundo, khutu lili tcheru. Munthu akaswa mtedza pafupi naye ankadzidzimuka.

Antchito anayamba kunong'onezana kuti aliyense wodya kwa bwana amathyoka. Ankabwera ndi chakudya chawo m'tizitini, ena anathawa osatsazika. Shevanta naye anamupeza mwamuna wake atagwada pamene antchito ankasambira, akutola tsitsi ndi kulikulunga m'kansalu. Anatenga mwana wawo wamkazi, Manda, n'kupita kwa Kashinath.

Nthawi yomweyo n'kuti Nivrutti atapatsidwa ntchito yaikulu kuposa zonse, nyumba yoti ukaima khomo lino munthu wa khomo linalo amaoneka ngati nyerere. Mwini wake ankafuna pansi popanda mzere. Nivrutti anathamangira kwa Dhondu kukapempha njira ina, kaya kupereka mbuzi, kaya maswiti ogawira oyendetsa magalimoto kuti nawonso akhale odya zake. Dhondu anangoti pangano silisintha, ndipo akathira popanda tsitsi, ming'alu yonse imene anasamutsa ibwerera tsiku limodzi.

Anaphika yekha mpunga wa mkaka, n'kupita nawo kwa mlamu wake. Manda anatambasula dzanja, koma Shevanta anaikankha mbaleyo, inagwera m'fumbi.

"Bambo a Manda, ndikudziwa chimene chinawadya amayi anu," anatero mosakweza mawu. "Mwana uyu sadzalawanso za mumphika wanu. Pitani."

Tsiku lothira linafika. Magalimoto a konkire anandanda mpaka kumsewu, migolo yake ikuzungulira, oyendetsa akuliza mabelu. Dzuwa linakwera, konkire inayamba kulimba, mwini nyumba akukalipa. Nivrutti ankapita uku n'kubwerera, thukuta lili kamukamu, kansalu kali m'thumba kopanda kanthu. Mumphika wake munali mutatsala wodya mmodzi yekha. Anadziuza kuti iye ndi wamphamvu, mkono umapola. Anazembera kuseri kwa galimoto, nazula tsitsi lake, nalikulunga m'kansalu kaja, n'kuliponya m'konkire.

Mkono sunathyoke, ngakhale mwendo. Koma konkire itayamba kuuma, iye anayamba kumva kanthu kakuti tswa, tswa m'kati mwa mutu. Ankafunsa anthu ngati akukamva, iwo n'kumangoyang'anana. Anamupeza pakati pa nyumba ija atavula malaya, akukanda pansi ndi msomali, zala zili magazi okhaokha, akuchonderera kuti wina abweretse chochekera adule mzere kuti mng'alu utulukire pomwepo. Konkireyo sinakandike n'komwe.

Nyumba yosanja inagulitsidwa, makina anagawana ena. Shevanta ankamusiyira chakudya pachipata cha mlongo wake, koma iye sankamuzindikira. Anamwalira m'ngalande m'mbali mwa msewu waukulu, msomali uli m'manja.

Mwaona nkhani ya Nivrutti. Dyera silikhuta, ndipo chuma cha zitsamba chimalipiridwa ndi magazi a m'nyumba mwako. Chikamaliza abale ako chimatembenukira kwa iwe mwini. Kuli bwino kudya zochepa za thukuta lako, ana ako akukuzungulira ali amoyo.