Mng'alu Pansi pa Damu

Mtembo wa katswiri wa za miyala unapezeka Lachiwiri m'mawa mu ofesi yake, pafupi ndi kompyuta. Anamenyetsa mutu pa ngodya ya tebulo. Koma wina anali atamutseka maso n'kumutsamiritsa juzi.

"Wakuba satsamiritsa munthu," anatero wapolisi wofufuza milandu, mayi wa imvi amene anzawo ankangowatcha Achemwali.

Anayamba ndi mlonda, yemwe anamveka akukangana ndi malemuyo dzulo lake. Zinapezeka kuti ankatsutsana za mpira. Mlondayo analira mpaka Achemwali anamubwereka mpango.

Kunyumba, mkazi wa malemu analandira Achemwali pakhonde.

"Kompyuta ija ankaitcha mwana wathu wotsiriza," anatero mayiwo akumwetulira, misozi ili m'masaya. "Amagwedeza nthaka ndi makina, phokoso n'kubwerera kuchokera pansi, iyo n'kuloza pamene thanthwe lang'aluka. Anaiphunzitsa okha, ngati mwana wa sukulu. Sabata yatha inapeza mng'alu pansi pa damu latsopano lija."

"Anauzako ndani, mayi?"

"Mng'ono wawo basi, amene ankagwira nawo ntchito mu ofesimo. Ndi amene anayeza malowo damu lisanamangidwe."

Achemwali anabwerera ku ofesi ndi wodziwa za makompyuta. Mzere wofiira wosonyeza mng'alu unali utafufutidwa, koma atangoiyatsa, kompyutayo inaujambulanso pomwepo. Inasonyezanso kuti amene anaufufutayo analowa ndi dzina la mng'onoyo, Lolemba madzulo.

"Ine ndinaweruka masana," anatero mng'onoyo ku polisi.

Achemwali anamusunthira kapu ya tiyi. "Bambo, juzi imene inali kumutu kwa achimwene anu sikanawakwana. Alamu anu akuti anakulukirani ndi iwo."

Bamboyo anagwira kumaso.

"Ndinasaina ndine kuti pansi pali bwino. Mng'aluwo sindinauone. Achimwene anati tipite limodzi tikanene, anthu a kumunsi asamuke madzi asanadzaze. Ndinaopa ndende. Anandipeza ndikufufuta, anandigwira dzanja, ine n'kuwakankha. Anandilera ndi iwo, mayi. Ngakhale kugwira nyundo anandiphunzitsa ndi iwo."

"Kumunsiko kuli mabanja angati?"

"Ambiri zedi."

"Ndiye musanalowe m'chitokosi, mukafotokozere akuluakulu a damu. Watsala ndinu nokha wodziwa kuwerenga mzere umenewu."

Bamboyo anapukuta misozi, anaimirira n'kupereka manja kuti amumange. Achemwali anabweza unyolo m'thumba.

"Tiyeni, bambo. Galimoto ili panja."