Mfuti Yaifupi ya Bambo Thompson

"Ndiye kuti palibe amene wamva kulira kwa mfuti?"

"Amva onse, Sajenti," anayankha wapolisi amene anafikapo poyamba. "Koma lero ndi pa 1 Novembala. Msewu wonse umaganiza kuti ndi makombola."

Sajenti Overtone Kalilani anagwedeza mutu. Zaka khumi ndi zisanu akufufuza milandu ku Bradford zinamuphunzitsa kuti wofuna kuwombera mnzake ku England sangapeze sabata yabwino kuposa imeneyi, pamene anthu amaphulitsa makombola usana ndi usiku pokonzekera chikondwerero cha pa 5 Novembala.

Harvey Thompson, mphunzitsi wopuma wa zaka 67, anali chagada m'chipinda chakumbuyo, bala lili pachifuwa. Kabati yachitsulo inali yotsegula. M'katimo munali mfuti zinayi zakale za asilikali a ku France, zonse za chiphaso. Yachisanu inali pansi, yopukutidwa bwino, yopanda chidindo cha chala n'chimodzi chomwe. Aneba anamva phokoso nthawi ya 11:05 m'mawa. Mkazi wa malemuyo, Esnath, namwino wochokera ku Zomba, anaimbira apolisi 11:20, atangofika pakhomo.

Pofika 1 koloko masana Esnath anali m'chitokosi. M'manja mwake munapezeka wonga, ndipo aneba anamva banjali likukangana Lachisanu. Kwa bwana wa Kalilani nkhani inathera pomwepo. Lamlungu 1 koloko amutsegulira mlandu wakupha.

"Mayi, wongawu wabwera bwanji?" anafunsa Kalilani m'Chichewa.

"Ndine nesi, achimwene. Mukanafuna ndiziwayang'ana akutaya magazi? Ndinawapanikiza pabalapo."

"Nanga Lachisanu munakangana chiyani?"

"Za m'banja."

Anali mayi wamfupi kwambiri, atakhala pampando mapazi ake sankafika pansi. Atafunsidwa amene ankalowa m'nyumbamo momasuka, anazengereza kaye, kenako anatchula Eston Gomani, mnzawo wa kutchalitchi, wopempha malo ngati wothawa kwawo.

Eston anabwera yekha kupolisi 4 koloko. Anali wamtali ngati Kalilani, wolankhula mofatsa. Pansi pa diso lake lakumanja panali potupa, ndipo mbali ya mphuno inali yosupuka.

"Mwatani pankhopepo, abambo?"

"Chitseko cha kabati, ku hositelo."

"Munali kuti 11 koloko?"

"M'basi. Kwaya timayamba 11:40. Funsani abusa, sindinachedwe. Ndipo ine mfuti sindinaigwirepo chibadwire."

Abusa anavomereza. Kalilani anagona ndi mafunso ake.

Lamlungu 9 koloko m'mawa anali kwa Ellen Tate, katswiri wa apolisi pa za mfuti. Ellen anatulutsa mfuti ina ya mtundu womwewo.

"Iyi ndi MAS-36," anatero. "Taonani mtengo wakumbuyowu, wotsamira paphewa. Ndi waufupi. Afalansa ankapangira msilikali wamfupi, wovala chijasi chochindikala cha m'nyengo yozizira. Ndipo sanaikepo loko yoletsa mfuti kulira mwangozi. Ankati msilikali wanzeru sayenda ndi chipolopolo m'mphako ya mfuti."

"Ndiye ikanamukwana bwino mayi wamfupi."

"Ngati yomupangira. Mukufuna kuyesa?"

Kalilani anaiika paphewa, n'kukulunga chala chachikulu pamtengopo monga anazolowera. Nkhope inayandikira dzanja kuposa masiku onse, koma sanasamale. Anawombera. Mfuti inabwerera m'mbuyo, chala chake chomwe n'kumumenya pamphuno. Misozi inalengeza.

Ellen anamupatsa kansalu, akubisa kuseka. "Pepani. Anthu aatali onse imawalonjera choncho ulendo woyamba. Oidziwa amagoneka chalacho m'mbali."

Kalilani anapita pagalasi la kubafa. Pansi pa diso lakumanja panayamba kutupa, mbali ya mphuno yasupuka. Anaima akuiyang'ana nkhopeyo. Anali ataiona kale dzulo, 4 koloko.

"Ellen, masulani mfuti ya malemu ija," anatero atabwerera. "Muone m'mphako momwe mtengo umakumana ndi chitsulo. Kansalu sikafikamo."

Pofika 10:30 Ellen anali atapezamo kadontho ka magazi ouma.

Nthawi ya 11:45 Eston anakhalanso pampando uja, loya wake ali pambali. Atakweza maso n'kuona nkhope ya Kalilani, anasiya kapu ya madzi.

"Zitseko za makabati zavuta chaka chino," anatero Kalilani. "Nanenso yandipeza. Mbali yomweyo, malo omwewo. Mayi Thompson mfuti imeneyi sikanawakhudza nkhope. Malemu ankaidziwa. Imamenya munthu wamtali, mlendo kwa iyo, koma wozolowera kugwira mfuti zina. Tapezamo magazi. Zotsatira zibwera Lachitatu. Mayi aja awatsegulira mlandu 1 koloko lero. Mukufuna tidikire Lachitatu?"

Loya anamugwira mkono. Eston anauchotsa.

"Alongo aja asiyeni," anatero. "Akhala akundidyetsa zaka zitatu."

"Ndikumva."

"Apilo ya pempho langa la malo ndi mawa. A Thompson ndiwo anali mboni yanga, analemba kalata yondiikira kumbuyo. M'keisi yanga ndinanena kuti ndinali mphunzitsi, ndinathawa anthu a chipani. Sabata yatha anaona chithunzi pafoni yanga, ndili mu yunifolomu. Ndinali msilikali, Sajenti. Ndinathawa ntchito. Iwo anati sangalumbire bodza, akanena zoona pamaso pa woweruza. Alongo anawachonderera Lachisanu, anakana. Loweruka ndinapita ndekha. Ndinawapeza akupukuta mfuti zawo. Ndinagwada. Munthu wamkulu ngati ine, ndinagwada. Iwo anangoti pepani."

"Kenako?"

"Ndinatola mfutiyo kuti ndiwaopseze basi. Ndinafufuza loko ndi chala, osaipeza. Inangolira yokha. Ndinaipukuta, n'kutulukira kukhomo lakumbuyo. Kukwaya ndinaimba nawo nyimbo zonse."

Kalilani anatuluka kaye. Anauza wapolisi wapakhomo kuti athamange kuchitokosi, Mayi Thompson atulutsidwe ndipo wina awaperekeze kwa abale awo, osati kunyumba kuja. Inali 12:20. Atabwerera anakhala pansi, n'kugwira mphuno yake yomwe inkawawabe.

"Za loko mwanena zoona, ilibe," anatero. "Koma mfuti yongolira yokha m'manja simenya munthu pamphuno. Imamenya amene waiika paphewa, n'kutsitsa tsaya, n'kulunjika. Ndipo a Thompson sankapukuta mfuti ili ndi chipolopolo. Bokosi la zipolopolo linali pashelefu yapamwamba, ndipo mwasowa chimodzi chokha."

Eston anayang'ana manja ake. Loya anatseka kope. Makina ojambula mawu ankangoyaka kagetsi kawo kofiira.

"Bambo Gomani, chipolopolocho anaikamo ndani?"