Amene Anatsikira ku Lanham

Goodwin ankaphunzitsa za nkhalango pa koleji ina ku Maryland. Chichewa ankachivula pakhomo ngati nsapato zamatope. Mu Okutobala wa 1996 anatenga kalasi yake kupita kumapiri a ku Virginia, kukaona mitengo ija ya masamba onga singano, yofanana ndi mkungudza wa ku Mulanje. Mitengoyo inali kuuma. Tizilombo toyera ngati thonje tinali titakuta nthambi zake.

M'kalasimo munali Mmalawi mnzake mmodzi, Edness, mayi wa ana awiri. Usiku ankasamalira okalamba ku Lanham, masana n'kumaphunzira. Anali ndi mphumu. Tsiku loyamba anapereka moni wakumudzi, Goodwin n'kuyankha m'Chingerezi kuti sanamve. Kuyambira pamenepo ankam'ponyera mafunso ovuta okhaokha kuti anzake aseke.

Madzulo a tsiku la ulendowo anakwera phiri mpaka pamwamba. Goodwin ankagubuduza zikuni zowola, kuwaonetsa bowa, ndere, nyongolotsi ndi tiabuluzi tonyowa tobisala pansi.

"Mtengo ukagwa, zonsezi zimapeza chakudya," anatero. "Nkhalango ilibe chisoni."

Potsika kunagwa nkhungu. Edness anatsamira mtengo, pachifuwa pakulira mluzu.

"Achimwene," anatero m'Chichewa, "ndidikireni pang'ono. Mankhwala anga opopera ndawasiya m'basi."

Ophunzira ena anatembenuka. Goodwin anachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka ukali.

"Kuno si kumudzi," anayankha m'Chingerezi. "Njira ndi imodzi. Ukapuma utipeza."

Anafika m'munsi kukuda. Edness sanaoneke. Poopa kuti nkhani ingafike ku koleji, Goodwin anauza dalaivala kuti azipita ndi ophunzira, iye abwera naye pagalimoto yake. Basi inanyamuka, chikwama cha Edness chili momwemo. Goodwin anakhala m'galimoto, n'kudya kaye buledi wake. Amve kuwawa pang'ono, anaganiza, mawa asadzandizolowere.

Kenako anatenga tochi n'kuyamba kukwera.

Nkhalango inali zii. Ngakhale kadzidzi. Kuchokera m'nthambi munkayoyoka timathonje tija, pang'onopang'ono, ngati phulusa. Anaitana. Palibe. Anaitananso, mawu ake n'kumira m'nkhungu.

"Ndili pano, achimwene."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwake, pafupi kwambiri. Edness anali chilili pakati pa njira, tsitsi lili mbuu. Mluzu wa pachifuwa uja unali utaleka. Kunkazizira, mpweya wa Goodwin unkafuka ngati utsi. Wa Edness sunkaoneka.

Goodwin anam'kalipira kuti wam'tayitsa nthawi. Anatsika motsogozana, ndipo njira yonse Goodwin ankamva mapazi a munthu mmodzi.

Edness anakhala kumpando wakumbuyo. M'galimoto munayamba kununkha dothi lonyowa. Goodwin anakweza hita mpaka kumapeto, koma zala zake zinauma pachiwongolero. Atayandikira Manassas, mawu anatuluka mumdima.

"Zija munationetsa pansi pa chikuni, zimayamba liti kudya?"

"Kudya chiyani?"

"Chimene chagwa."

"Sizichedwa," anayankha. Anadzidzimuka atazindikira kuti wayankha m'Chichewa.

"Eya," anatero Edness. "Zayamba kale."

Goodwin sanayang'anenso pagalasi mpaka ku Lanham. Anaima pamidadada ya nyumba pomwe mayiyo ankakhala. Chitseko cha galimoto sanachimve kutseguka. Anangomuona ali panja, nkhope pafupi ndi windo.

"Zikomo pondidikira," anatero.

M'mawa foni inalira. Anthu oyenda m'phiri anali atam'peza Edness ali khale, atatsamira mtengo womwe uja, maso ali tong'o. Dokotala anati anamwalira dzulo lake, dzuwa litangolowa.

Kwa apolisi Goodwin analumbira kuti anam'fikitsa kwawo. Iwo anangoyang'anana. Anafunsa Rosina, mnzake wa Edness amene ankakhala naye nyumba imodzi. Rosina anati m'nyumbamo simunalowe munthu. Koma usikuwo chitseko chinagogodedwa katatu, mofatsa. Rosina atasuzumira sanaone kanthu. Potembenuka anapeza mwana wamng'ono wa Edness atadzuka, atanyamula bulangete.

"Amayi akuzizidwa panja," anatero mwanayo m'Chingerezi.

Mlandu panalibe, poti kusiya munthu m'mbuyo kunalibe lamulo loti am'gwire nalo. Koma ntchito inam'thera. Pamaliro, Amalawi atasonkhana m'chipinda chapansi cha tchalitchi kusonkha zotumizira thupi kumudzi, Goodwin anafika atavala suti. Azibambo sanam'sendere pabenchi. Anaima pakhomo mpaka nyimbo yomaliza.

Masiku ano akuti Goodwin amayendetsa takisi m'Washington. Azimayi ochokera kuntchito m'bandakucha amanong'onezana kuti ukaiimitsa imaima ndithu. Amatsitsa windo, wowonda, tsitsi litayera. Amayang'ana kaye pagalasi, kumpando wakumbuyo komwe kulibe aliyense. Kenako amalankhula m'Chichewa, kaya woimitsayo ndi mzungu.

"Pepani. Muno muli kale munthu."