Mawotchi Awiri a Kawaya

Kawaya anakhala mu tenti kumapeto kwa bwalo, maso ali pa kompyuta, thukuta lili kamukamu. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa m'chikwama mwake simunkasowa mawaya. Tsiku limenelo sukulu inkasankha wothamanga mmodzi wokaiimira ku mpikisano waukulu, ndipo woyeza nthawi anali iye.

Makompyuta anali awiri, ina poyambira, ina pothera. Gulu lililonse lisanathamange, Kawaya ankawalumikiza ndi chingwe cha USB kuti mawotchi ake agwirizane. Koma poyeserera anali ataona kuti uthenga wodutsa m'chingwemo sunkafika mofanana. Pena unkafulumira, pena unkachedwa, moti mawotchiwo ankaphonyana pang'ono.

Achimwene ake a Kawaya anathamanga m'gulu loyamba. Mnyamata wina wamiyendo italiitali, womutcha Mphenzi, anathamanga m'gulu lachiwiri. Kompyuta inaonetsa kuti achimwene ake aposa Mphenzi ndi kachigawo kochepetsetsa ka sekondi.

"Tiuze, wapambana ndani?" anafunsa mphunzitsi wa zamasewera.

Achimwene akewo anali atasuzumira kale pa kompyuta, akumwetulira. Kawaya anatembenukira kwa mphunzitsiyo.

"Aphunzitsi, sindinganene. Kusiyana kwa awiriwa n'kochepa kuposa mmene mawotchiwa amaphonyerana. Mwina ndi achimwene, mwina ndi Mphenzi."

"Iwe, wapenga?" achimwene ake ananong'oneza, mano ali gwa. "Dzina langa si ili pamwambali? Kunyumba ukanena kuti chiyani?"

"Achimwene, kompyuta yalemba, koma ine ndikudziwa pamene imanama."

Mphunzitsi anamufunsa mafunso angapo, Kawaya n'kumuonetsa manambala a poyeserera aja akudumphadumpha. Mphunzitsiyo anagwedeza mutu, kenako analamula kuti anyamata awiriwo athamange limodzi, maso a aliyense aone.

Wenzulo inalira. Fumbi linati koboo, ana akukuwa mpaka mawu kusasa. Pa mzere womaliza, Mphenzi anali patsogolo ndi phazi lathunthu.

Achimwene ake a Kawaya anakakhala okha pa udzu, atazolika. Kawaya anayamba kukulunga zingwe, osayerekeza kuyang'ana komweko.

Potseka masewera, mphunzitsi anatenga chimkuzamawu. Atatchula Mphenzi, anawonjezera kuti, "Tikupita ndi anthu awiri. Kumeneko kukafunika woyeza nthawi amene sapita m'mbali, ngakhale wothamangayo akhale m'bale wake. Kawaya, bwera kutsogolo kuno."

Anthu anawomba m'manja. Kawaya anayenda mwamanyazi, koma ali pakati pa bwalo anamva mawu amodzi okwera kuposa onse. Anacheuka. Achimwene ake anali atakwera pa benchi, udzu uli mbwee pa kabudula, akugwedeza phewa la mnyamata wina wa kalasi ina.

"Ukumudziwa ameneyo? Mlongo wanga ameneyo! Bere limodzi!"