Wachitsulo pa Khomo la Lea

Vasco wa ku Msumba anali ndi pakamwa ngati msika. Ndikuti msika weniweni, wa Loweruka. M'kamwa mwa munthu mmodziyo munali akatekisi, munali kapitawo wa tropa, asilikali a boma aja a ku Metangula, munali a Gertrudes ogulitsa kachasu, munali ngakhale mbuzi ya a Gertrudeswo. Akakumva ukuyankhula kamodzi, basi, mawu ako apita. Mawa lake udzawapeza pa gombe akutukwana apongozi ako, iwe mwini uli duu.

Zaka zimenezo nkhondo inali itakhwima. Matsanga, zigawenga zija, anali m'mapiri, anthu ali m'munsi, nyanja ili kumsana. Lamulo la usiku ngakhale khanda linkalidziwa: chitseko sutsegulira kugogoda, umatsegulira mawu. Munthu agogode mpaka zala zitupe, ngati sunamve mawu owadziwa, khala phee.

Ndiye a Momade, eni chombo chamatanga chopita ku Likoma, tsiku lina anatsitsa katundu wodabwitsa: televizau, makina a vidiyo ndi kajeradori ka magetsi kokhosomola ngati nkhalamba ya fodya. Kajeradoriko anakakumbira dzenje n'kukavundikira ndi mphasa kuti kasamveke. Sinema ankaonetsera m'nyumba yosungira usipa, mazenera otseka ndi masaka. Mawu a televizau anawatsekeratu. Malipenga a m'menemo akanamveka kuphiri, matsanga akanayesa tropa yafika ndi banda yake yoimba. Komanso chizungu chakecho ndani akanachimva?

Apa ndi pamene Vasco anapezera ntchito. Ankakhala pa mtondo pambali pa televizau, n'kumayankhulira aliyense wotsegula pakamwa.

Makaseti anali ochepa, akalekale, nthano za makolo a azungu. Akatekisi ankati zinachokera m'mabuku onenepa ngati mtsamiro. Mtundu unali utasuluka, nkhope zonse mbuu ngati odwala malungo. Koma ija anthu ankaikonda inali ya Wachitsulo: mwamuna wovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuchala, amene mfumu inamutengera ku nkhondo, mkazi n'kutsala m'nyumba yamiyala. Nkhondo itatha, munthuyo akuyenda, akuyenda, kubwerera kwawo, zoyera zikumugwera kuchokera kumwamba.

"Taonani dziko la anzathu!" ankatero Vasco. "Ufa wa chinangwa umachita kugwa ngati mvula, koma tawaonani kuwonda kwake!"

Mfumu anaipatsa mawu a kapitawo. Hatchi anaipatsa mawu a Gertrudes.

"Wandikwera osalipira ya dzulo, iwe!" inkatero hatchi.

"Vasco, galu iwe!" ankakuwa a Gertrudes kumbuyo. "Ine mano anga ngotero?"

"Ayi amayi, a hatchiwa alipo onse."

Anthu ankaseka atagwira pakamwa, kuseka kwa nthawi ya nkhondo, kotulukira m'mphuno.

Vuto la kaseti imeneyi linali kumapeto. Makina anaitafuna, a Momade n'kudula potafunidwapo, n'kumata ndi guluu wa matayala a njinga. Ndiye Wachitsulo amafika pa khomo la mkazi wake, n'kukweza dzanja kuti agogode, kenako fwaa! Mchenga wokhawokha pa galasi. Palibe anadziwa ngati anamutsegulira.

Poyamba Wachitsulo ankayankhula ndi mawu a Fakihi osoka maukonde. Koma a Fakihi anamudikirira Vasco pa gombe ndi nkhafi, n'kumuuza kuti akadzabwerezanso adzadyera phala pa bango. Ndiye madzulo amenewo Wachitsulo atatsegula pakamwa, Vasco anapisa m'thumba lake la mawu mwachangu. Amene anatuluka sanawasankhe.

"Hm-hm. Njira iyi yatalika, abale."

Mawu okhakhala ngati sowo, oyamba ndi kakhosomo. 

Anali mawu a Gideoni. Gideoni ankakoka khoka limodzi ndi Vasco, mnzake wa pa chingwe. Matsanga anamupeza kumunda kwake, njira ya ku Maniamba, n'kumusenzetsa thumba. Chipitire. Palibe anaona mtembo, palibe anamva uthenga. Abale ake anafuna kukwirira thunthu la nthochi kuti maliro athe, koma mkazi wake Lea anakana. Anati sangalire munthu amene mwina akudya kwinakwake.

Ndipo Lea anali momwemo, pa mphasa ya azimayi.

Sinema itatha a Momade anamukokera Vasco pambali.

"Mwana iwe, wamoyo ukamuseka amakuyankha. Wakufa ali ndi manda ake. Koma wapakatiyu, msiye."

"Ndamva, bwana. Lilime linaterereka."

Koma mawa lake Lea anabweranso. Mkuja lakenso. Sankayang'ana televizau ayi. Ankakhala pafupi ndi mtondo wa Vasco, maso atatsinzina, chitenje chili kukamwa. Vasco akayesa kumupatsa Wachitsulo mawu ena, Lea ankatsegula maso n'kumuyang'ana. Basi, kakhosomo kaja kankabwera kokha.

Madzulo ena anthu akulowa, Lea anamugwira malaya.

"Alamu, kodi amatsegula?"

"Ndani?"

"Mkaziyo."

"Kaseti inaduka, alamu. Funsani guluu wa a Momade."

Lea sanaseke. "Pakamwa pake ndinu. Malizani."

Vasco ndi mtima wake wa nkhuku, wokonda kutamidwa! Wachitsulo anafika pa khomo. Anakweza dzanja. Mchenga fwaa! Anthu anayamba kudzuka. Pamenepo mumdima munamveka:

"Hm-hm. Iwe Lea iwe. Tsegula, ndafika."

Palibe anaseka, ngakhale a Gertrudes. Kudzenje kuja jeradori inakhosomola kamodzi n'kuzima yokha.

Lea anaimirira, n'kukonza chitenje. Pa khomo anatembenuka.

"Mawu amenewo ndikadzawamva pa chitseko changa, ndidzatsegula. Kaya ndi ora yanji."

Vasco anatsala kuthandiza a Momade kubweza kaseti. Ankaibweza pamanja ndi chogwirira cha supuni, kusunga gazolina.  Atamaliza, mudzi unali utagona.

Kwa Vasco kunali kuseri kwa minda ya chinangwa. Mwezi unali wachibenthu. Anayamba kuimba mluzu, n'kukumbuka kuti usiku saimba mluzu, n'kuleka. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti achule nawonso aleka. Agalu a ku Msumba amauwa ngakhale mthunzi wawo, koma usiku umenewo ngati onse anapita ku Likoma.

Pa mphambano panali munthu.

Anangoima pakati pa njira. Wamtali, wowonda ngati mtengo wa tanga. Pamutu thumba. Vasco anaima chapatali.

"Odi... ndani?"

Chete.

"Ngati ndinu tropa, ine ndine Vasco, wa sinema. Ngati ndinu enawo, ndine Vasco yemweyo."

Chete. Munthuyo anasendera. Masamba ouma anali mbwee m'njiramo, koma Vasco sanamve ngakhale tswa. Fungo lokha ndi limene linafika: utsi wakale, matope, ndi kenakake konga nsomba yoiwalika m'bwato. Nkhope inali mbuu, mtundu womwe uja wa pa televizau. Ndevu mpaka pachifuwa. Pakhosi anamanga nsanza yakuda yokhuthala.

Koma phewa lamanzere linali lotsika. Phewa lokokera khoka. Vasco analiona phewa limenelo kutsogolo kwake m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri.

"Gi... Gideoni?"

Munthuyo anatsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha, hhhh, ngati mpira wabooka. Analoza pakhosi pake. Analoza pakamwa pa Vasco. Kenako analoza kumudzi.

Ndipo anamugwira pa mkono. Abale, kuzizira kwake! Ngati mwala wa pansi pa nyanja mwezi wa mwera.

Anayenda. Vasco kutsogolo, dzanja lija lili pa mkono. Mutu wake unali ukuwira. Ndamuitana ndine. Ndinati tsegula ndafika, ndiye wafikadi. Anakumbukanso zimene anthu othawa ku Cobue ankanena, kuti matsanga amatumiza wogwidwa kukaitana abale ake, eni mfuti atabisala m'thengo. Anayang'ana m'chinangwa. Tsinde lililonse linali ndi mutu ndi mfuti. Kaya mzukwa, kaya nyambo, zonse zinkapita pa chitseko chimodzi.

Anadutsa pa bwinja la nyumba yakale ya Gideoni, imene inapsa. Munthuyo anaima, n'kuyang'ana phulusa lomera udzu. Anafinya mkono wa Vasco. Vasco anafuna kumusocheretsa, kumutengera kwa akatekisi kapena kwa tropa. Koma kanyali kamodzi kokha m'mudzi monse kankaoneka pa mng'alu, m'kanyumba kamene Lea anasamukira. Lea sanagone. Munthuyo anakaona.

Anafika. Munthuyo anakweza dzanja, chimodzimodzi Wachitsulo. Koma apa panalibe mchenga wodula nkhani.

Go. Go. Go.

M'katimo mphasa inachita tswa. Kenako phee. Lea ankadikira mawu.

Munthuyo anatembenukira kwa Vasco. Analozanso pakhosi pake, n'kuloza chitseko. Maso ake ali nyezinyezi. Kaya inali misozi, kaya mwezi, Vasco mpaka lero sadziwa.

"Ndani?" anatero Lea, chapansipansi. Mawu ake anali pafupi, pa thabwa penipeni. Dzanja linali kale pa mpiringidzo. Vasco anaumva ukugwedera.

Vasco akanena ndi mawu ake enieni, Lea ayesa nthabwala za mlamu wake, atsegula kuti amukalipire. Akakhala chete, chinthucho chigogoda mpaka mtima wa mkaziyo ugonje. Munthu mmodzi yekha padziko ndi amene Lea akanamumvera.

Vasco anatsegula pakamwa. Kakhosomo kanabwera.

"Hm-hm. Iwe Lea iwe."

"Bambo!" Mpiringidzo unayamba kutuluka.

"Usatsegule! Wandimva? Usatsegule."

Mpiringidzo unaima.

"Ine ndinafa, Lea. Ndinafera kuphiri kalekale. Ndangobwera kudzakuuza. Lola andiikire maliro, ndatopa kuyenda. Ukatsegula ndikutenga."

M'katimo munamveka kulira kochepa, kwa munthu woluma nsalu. Kenako mpiringidzo unabwerera m'malo mwake, gu.

Dzanja lozizira lija linamasuka. Munthuyo anamuyang'ana Vasco nthawi yaitali. Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya. Anangomuyang'ana ngati mmene umamuyang'anira mnzako wa pa chingwe amene wataya khoka nsomba zili m'kati. Anayesanso kamodzi, pakamwa pali yasa, mitsempha ya m'khosi itaima. Hhhh. Anakhudza chitseko ndi chikhato, pang'onopang'ono, ngati akusisita mwana. Kenako anakonza thumba lake pamutu n'kulowa mumdima.

Achule anayambanso.

Kutacha, azimayi opita kukatunga madzi anamupeza Vasco atakhala tsonga pa khonde la mkazi wa mwini, milomo ili gwa. Nkhani ikanakhala ina, ya chigololo, akanapanda kutuluka Lea maso ali psuu n'kunena kuti amuna ake anabwera usiku kudzatsanzika. Sabata yomweyo anakwirira thunthu la nthochi kuseri kwa tchalitchi. Lea anameta. Akatekisi anati Mulungu ali ndi njira zake. Vasco ananyamula nawo bokosi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanatsanzire wolira aliyense.

Sinema inapitirira, koma kaseti ya Wachitsulo anaikana. A Momade anayesa kuyankhulira okha, anthu n'kumagona.

Zimene zinanong'onedwa ndi izi. A Fakihi, amene anafika m'mawa uja anthu asanapondeponde pabwalo, anaona mapazi. Mapazi a munthu wopanda nsapato, lina lokoka, ndi timadontho takuda m'mbali mwake. Anachokera ku chinangwa, anaima pa chitseko, n'kubwerera njira ya kuphiri.

"Mzukwa susiya mapazi," anatero a Fakihi pa gombe, singano ili kukamwa. "Ndipo sutuluka magazi."

"Nanga agalu bwanji sanauwe?" anafunsa a Gertrudes.

"Galu amauwa mlendo."

Ena ankati ayi, mapaziwo anathera pakati pa munda, poyera, ngati mwini wake anachita kunyamulidwa. Ena ankati m'chinangwamo munalinso mapazi a nsapato za jombo, ambiri, ndipo Vasco anapulumutsa mudzi wonse. Aliyense anaona zake. Mvula inagwa masana omwewo n'kufafaniza mlandu.

Lea sanauzidwe za mapazi. Nkhondo itatha anakwatiwa ku Likoma.

Anthu ogwidwa atayamba kutsika m'mapiri, mmodzimmodzi, owonda, ena opanda makutu, Vasco ankapita kukawachingamira pa njira ya ku Maniamba. Aliyense ankamufunsa funso limodzi: kodi kumeneko munaonako munthu wamtali, wa phewa lotsika, wovulala pakhosi? Ndipo munthuyo akatsegula pakamwa kuti ayankhe, Vasco ankatseka makutu n'kuthawa.