Jezi ya Shukuru

Dzuwa litapendeka, Willard anasenza thumba la majezi n'kulowera ku mjigo wa m'mudzi wa kuseri kwa koleji. Mipope ya pakolejipo inali itauma kalekale, moti ophunzira ankalimbirana madzi ndi amayi a m'mudzimo. Kolejiyo inali ya zaulimi, chapatali ndi tauni ya Balaka, ndipo kunena mosapsatira inkadziwika ndi zinthu ziwiri zokha: fumbi ndi timu ya basiketibolo imene inkagonja paliponse pamene yaponda. Koma chimenecho chinali chaka china.

Ntchito yochapayo inamugwera chifukwa cha bondo. Linaguluka pa masewero oyamba a ligi, ndipo lamulo la anyamatawo linali lakuti wovulala asamangodya phala la timu, azichapa. Jezi yake anaipinda n'kuitsekera m'sutikesi, kudikira tsiku limene adzathamangenso.

Atakhuthulira zovalazo pa simenti, anayamba kuzisanthula. Pakati pa majeziwo panali ina yosokedwa pakhosi ndi ulusi wobiriwira. Anaidziwa, chifukwa anaona ndi maso ake mwini wake akuisoka. Inali ya Shukuru. Ataigwira anapeza kuti ndi yonyowa kumsana ndi m'khwapa, thukuta lake lofunda, likununkhira mafuta aja Shukuru ankadzola Lachisanu popita ku mzikiti. Pansi pa fungolo panali lina, la dothi lofukulidwa kumene.

Mayi Judith, amene ankagulitsa zitumbuwa pageti la koleji, anali pamzere wa madzi. Anasuzumira.

"Mwanawe, bwanji wauma choncho? Ndi ya ndani imeneyo?"

"Ya mnzathu anamwalira uja, mayi."

"Wavala ndani?"

"Palibe. Siivalidwa."

"Nanga wakufa amatuluka thukuta?"

Sanadikire yankho. Ananyamula ndowa yawo yopanda madzi n'kumapita, osacheuka.

Shukuru anali mnyamata wa ku Ngokwe, wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo dzanja lake silinkaphonya mkombero wogoletsera mpira. Ndi iye anaphunzitsa Willard kuponya mpira, ndi iyenso ankamugawira usipa wa kwawo mwezi ukafika poipa. Ligi itatsala pang'ono kuyamba, anadzuka m'mawa wina lilime likumulemera. Ankafuna kunena chinthu, koma mawu ankathera m'kamwa. Kuchipatala anamuyeza zonse osapeza kanthu, ndipo sabata isanathe anatsirizika. Anamuika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Anyamata amene ananyamula nawo maliro pobwerera ankanong'onezana kuti mtembo wa munthu wamtali chotero sungapepuke motero.

Kuchokera pamenepo timu ija inayamba kupambana. Poyamba anthu ankati ndi chisoni chawalimbitsa mtima. Koma Willard ankaonera ali pa benchi, ndipo wa pa benchi amaona zambiri. Ankaona mpira woponyedwa mokhota ukuwongoka m'malere ngati wina waukankha ndi nsonga za zala. Ankauona ukuzungulira pa mkombero, utatsala pang'ono kugwera kunja, kenaka n'kubwerera m'kati. Ngakhale Amosi, kaputeni wa timu yemwenso ankagona chipinda chimodzi ndi Willard, munthu amene kale akanaphonya ngakhale dengu la thonje litaikidwa pamapazi pake, tsopano ankagoletsa atatembenukira kumbali. Ku Liwonde mnyamata wina wa timu inayo anagwa chagada pamalo popanda munthu, nadzuka akulumbira kuti wina wamugunda ndi phewa. Oimbira anangoseka. Madzulo ake jezi ya ulusi wobiriwira inapezekanso m'thumba, yonyowa.

Willard anayesa kuibisa kudenga la bafa. Masewero otsatira inabwerera m'thumba.

M'mudzimo nkhani inali itafala kale. Chisisira chikagwa, bwalo la koleji lili mbee, kunkamveka mpira ukudunda pa simenti: du, du, du, kenaka chitsulo cha mkombero n'kulira. Agalu ankauwa atapanira michira. Amayi anasiya kudutsa njira ya kubwaloko pochokera kumunda. Mayi Judith tsiku lina anamukokera Willard kuseri kwa benchi lawo la zitumbuwa.

"Inu ophunzira mumati zonse zili m'mabuku. Ndondocha mumaidziwa?"

"Timangomva."

"Munthu amamupha m'maso mwa anthu, inu n'kukakwirira thunthu la nthochi. Mwini wake ali moyo, amudula lilime kuti asaulule. Amagwira ntchito ya amene anamutengayo, osaoneka, osapuma. Chakudya chake phala la madeya lopanda mchere, kuseri kwa chitseko."

"Koma amatengera anthu kumunda kapena kuchigayo, si choncho?"

"Ntchito ndi ntchito, mwanawe. Wina amafuna chimanga, wina amafuna chikho."

Mawu amenewo anamukhala pamtima ngati mwala. Zoti timu ikupambana ndi mankhwala sizinamupweteke kwenikweni. Chinamupweteka n'chakuti mnzake, munthu wofatsa uja, akuthamangitsidwa ngati bulu, sangathe kulira, sangathe kuitana mayi ake, ndipo iye Willard ndi amene akumuchapira yunifolomu ya ukapolowo. Analumbira kuti amumasula.

Koma wamutenga ndani? Apa ndi pamene timu inasanduka mudzi wa afiti. Aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso la m'mbali. Wina akapita kwawo Loweruka, ankati wapita kukawonjezera mankhwala. Wina akapezeka ndi mphini pamkono, anzake ankasuntha mbale. Willard anaulula zonse kwa Amosi, pakuti munthu amene umagona naye chipinda chimodzi sumubisira. Amosi anamvetsera akupukusa mutu, mbale ziwiri za phala zili patebulo monga mwa chizolowezi chake, poti ankati masewero amamupatsa njala.

"Aise, ganiza bwino," anatero Amosi motsitsa mawu. "Mlongo wake wa Shukuru atabwera kudzatenga katundu, amene anamukaniza jezi ndani?"

"A kochi."

"Makiyi a sitolo ya mipira amasunga ndani?"

"A kochi."

"Nanga amene anauzidwa kuti timu ikapanda kusintha chaka chino ntchito yatha?"

Zinali zoona. Rukiya, mlongo wake wa Shukuru, anapempha jeziyo kuti zovala zonse za malemu zikakhale pamodzi pa sadaka, monga amachitira kwawoko. A Blasius, kochi wa timuyo, anakana kuti ndi katundu wa koleji. Anali munthu wouma pakamwa, wosaseka ndi ana, ndipo munthu wotero sachedwa kumuveka ufiti.

M'mawa mwake anyamata anathyola chitseko cha sitolo. Kuseri kwake anapeza mbale ya pulasitiki, m'mphepete mwake mutaumira madeya. Amene anayamba kukuwa kuti "Mfiti!" anali Willard. A Blasius anafika akuthamanga, malaya osamanga mabatani.

"Ana inu, mbale imeneyo sindikuidziwa!"

"Mutibwezere Shukuru!"

"Willard, iwenso? Ine ndinakunyamula pamsana tsiku unathyoka bondo!"

Mwala woyamba unawaphonya, wachiwiri unawang'amba pachipumi. Anapulumukira pa njinga ya kabaza imene inkadutsa pamsewu, magazi akutsikira m'maso, ndipo pakolejipo sanaonekenso. Madzulo amenewo anyamata anadya mosangalala ngati apha fisi.

Loweruka lotsatira, popanda kochi, anapambana masewero olowera mu fainolo. Willard anakhuthula thumba pa mjigo. Jezi ija inalimo, yonyowa kuposa kale, ndipo pachifuwa pake panali timadontho ta magazi ngati ta munthu amene watsokomola atathamanga mopitirira. Anakhala pansi pa simenti yonyowayo. Anali atagenda munthu wosalakwa, ndipo mfiti inali ikudya nawobe.

Ulendo uno sanauze munthu, ngakhale Amosi. Kutacha anaikulunga jeziyo m'pepala la pulasitiki, nakwera minibasi ya ku Liwonde, ina ya ku Nselema, kenaka njinga yamoto mpaka ku Ngokwe. Njira yonse phukusilo linkamutentha pamiyendo, ndipo mayi amene anakhala naye pafupi anafunsa ngati wanyamula nkhuku.

Anamupeza Rukiya akupeta nandolo pakhonde. Atafunyulula pepalalo, Rukiya ananunkhiza kamodzi, n'kugwira pakamwa.

"Achimwene, mwachedwa bwanji?" anatero misozi ikutsika. "Shukuru amabwera kutulo kwa amayi, wefuwefu, akuloza kukamwa. Amayi aonda, atha."

"Ndinkaopa, chemwali. Ndikhululukireni."

Anaitana ashehe ndi amalume ake a malemu. Amuna okhaokha anapita kumanda, nakumba kadzenje pambali pa mtumbira, n'kuikamo jeziyo mapemphero akuchitika. Dothi lomaliza litagwa, kunadutsa kamphepo kozizira masana dzuwa lili pamutu, ndipo Willard anamva ngati munthu wausa moyo pafupi ndi khutu lake, mpweya wautali wa munthu amene watula katundu. Analira ngati mwana.

Pomuperekeza ku siteji, Rukiya anaima panjira.

"Amene anachita zimenezi mwamudziwa?"

"Iyayi."

"Ndiye musamale. Amalume akuti munthu wozolowera wantchito sagona wopanda wantchito. Ndipo satenga wakutali. Amatenga amene amadya naye, amene angamufikire pa chovala."

Sabata imeneyo bwalo linakhala zii. Agalu anagona, amayi anayambanso kudutsa njira yawo. Pokonzekera fainolo mipira inkagunda mkombero n'kubwerera monga kale, anyamata akutukwanana. Willard mumtima ankasekerera. Agonje, bola Shukuru wagona. Amosi sanafunse kumene mnzake anapita tsiku lija. Anangomuyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kumufunsa ngati bondo layamba kupola.

Fainolo inachitikira m'tauni ya Balaka, masana a dzuwa loswa mtengo. Anthu anadzaza, a kabaza ataimika njinga zawo kuzungulira bwalo. Willard anakhala pa benchi ndi botolo la madzi. Wezulo italira, tulo todabwitsa tinamugwira, tolemera, tokokera pansi. Anayesa kutsegula maso, osatheka. Ankamva phokoso la anthu chapatali ngati ali pansi pa madzi.

Anadzidzimuka ndi nthungululu. Anyamata anali atamunyamula Amosi m'mwamba, chikho chili m'manja. Willard anafuna kuimirira koma anagweranso pa benchi. Chifuwa chinkamuwawa ngati wathamanga kuchokera ku Liwonde, kukhosi kuli gwaa, ndipo bondo lija linali litatupa ngati dzungu.

"Iwe, fainolo yonse uli m'tulo?" anamuseka mnyamata wina. "Mipira imalowa yokha lero!"

Madzulo anatsimphina ndi thumba lake mpaka ku mjigo. Anakhuthula pang'onopang'ono, akupemphera kuti asaone ulusi wobiriwira. Sanauone. Shukuru anali atagonadi. Koma pansi pa mulu panali jezi ina imene sinayenere kukhalamo, yopindika mizere ya m'sutikesi, yonyowa kumsana ndi m'khwapa. Sanafunikire kuinunkhiza kawiri. Munthu thukuta lake amalidziwa.

Kiyi wa sutikesiyo ankamubisa m'nsapato yakale pansi pa bedi. Amene ankadziwa malowo anali munthu mmodzi.

Anasiya majeziwo pomwepo n'kubwerera ku hositelo, mwendo ukukoka. Kunja anyamata ankaimba ndi kuvina, akumenya zidebe. Anakankha chitseko. Amosi anali atakhala pabedi, wasamba, wadzola, chikho chili pambali pake. Patebulo panali mbale ziwiri zija. Kwa nthawi yoyamba Willard anaziyang'anitsitsa: ina inali ya phala loyera la timu, inayo ya phala lodera, la madeya.

"Wasewera bwino lero, aise," anatero Amosi mwaulemu. "Sufika pa Shukuru, koma uzolowera. Bondo silinakuvutitse kwambiri?"

Willard anayang'ana bondo lake lotupalo.

"Unalakwitsa kupita ku Ngokwe. Ine ndinalibe nawe chifukwa. Koma a timu ya ku Blantyre andiona lero, akuti ndikayambe mwezi wamawa. Ndipite ndekha, ndi manja angawa?"

Amosi anatenga mbale ya madeya ija, naiika pansi kuseri kwa chitseko, pafupi ndi mapazi a Willard.

Anzake anali pabwalo pomwepo, kungodutsa khoma limodzi. Kukuwa kamodzi kokha kukanakwana, monga anakuwira tsiku la a Blasius. Willard anakoka mpweya, natsegula pakamwa kuti atchule dzina la mfitiyo.

Lilime linakana kudzuka.