Dzina Lachisanu pa VPN

Nkhani iyi si yopeka ayi. Amene anaiona ndi maso ndi anthu awiri, namwino wamkulu wa chipatala china chaching'ono ndi bambo wa makompyuta amene anzake ankamutcha Chingwe. Onse ali moyo, ndipo mukawafunsa payekhapayekha amanena zofanana.

Zinachitika Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Dzulo lake Chingwe anali atachotsa sisitimu yakale m'makompyuta onse n'kuika yatsopano, ndipo mukudziwa kuti chatsopano sichibwera chopanda nthenda zake. Dokotala wowerenga zithunzi za m'mutu ankagwirira ntchito kunyumba kwake, kutali ndithu. Ankalowa mu seva ya chipatala, kompyuta yaikulu yosunga zithunzizo, kudzera pa VPN, kakhomo ka pa intaneti kolowera okhawo ali ndi akaunti. Tsikulo khomo linakana. M'wodi munali mayi wogundidwa ndi galimoto, akudikira opaleshoni, ndipo palibe akanamukhudza dokotalayo asanaone chithunzi.

Chingwe anakhala m'kachipinda ka seva, foni pakhutu.

"Adokotala, intaneti ilipo kwanuko?"

"Ilipo."

"Tazimitsani kompyuta muyatsenso."

Anayatsa. Zii. Anachotsa pulogalamu ya VPN n'kuikamonso. Anasintha pasiwedi. Anaona ngati wotchi ya kompyuta ili pa nthawi yake, poti nayonso imatha kusokoneza. Zonsezo kunali kutungira madzi m'dengu. Namwino wamkulu anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mayi uja akupuma movutika. Inu mukusewera ndi mabatani."

"Asisi, ndipatseni mphindi zisanu."

Kenako dokotala anawerenga uthenga umene unatuluka kwake: malo onse adzaza. Chingwe anapumira m'mwamba, poti vuto lodziwika ndi losavuta. Sisitimu yatsopanoyo inkalola anthu asanu okha nthawi imodzi. Anatsegula mndandanda wa omwe anali mkati. Mayina anayi anali a anthu ogwirira kunyumba, owadziwa bwino. Atafika pa lachisanu, anaima.

Linali la a Magalasi.

A Magalasi ndi amene anamuphunzitsa Chingwe ntchito, pa desiki lomwelo, zaka zisanu ndi ziwiri. Anali atamwalira miyezi iwiri yapitayo. Lamulo la ntchito yawo n'lakuti munthu akachoka, akaunti yake ifufutidwe tsiku lomwelo. Chingwe sanafufute. Nthawi zonse akafika pa dzinalo dzanja linkalemera, n'kunena kuti mawa.

"Mwina wina waba pasiwedi yawo," anatero namwino, mawu atatsika.

Chingwe anapukusa mutu. Sisitimu yatsopano sinkalola kompyuta yopanda kiyi watsopano, nambala yachinsinsi yoizindikiritsa, ndipo makiyiwo anaika yekha, kompyuta imodzi imodzi. Mndandanda unkasonyeza kuti yalowa ndi laputopu ya a Magalasi, kuchokera kunyumba kwawo. Koma laputopuyo inali m'kabati kumbuyo kwake, yopanda batire.

Anatsegula kabati. Inalimo, fumbi lili mbuu. Anaikhudza. Inali yofunda.

Mafani oziziritsa seva ankangolira, huuu. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la mafuta opaka pachifuwa, aja a Magalasi ankadzola masiku awo omaliza. Namwino anagwira mphuno n'kuyang'ana Chingwe.

Mantha anamugwira Chingwe, koma kufufuta dzinalo anakanikabe. Anatulutsa munthu wina pa anayi aja kuti dokotala apeze malo. Asanatenge n'komwe foni, malowo anadzaza. A Magalasi. Anatulutsa winanso. A Magalasi. Mayina atatu ofanana, ondondozana.

Anaimbira mkazi wa malemuyo.

"Mayi, pepani. Kodi m'chipinda chogwiriramo ntchito bambo muli munthu?"

Poyankha mayiwo ananong'ona.

"N'chokhoma chichitikireni maliro. Kiyi ndili naye ine."

"Ndiye mulibe aliyense?"

"Mwanawe, kuyambira m'mawa ndikumva kutaipa. Ndili pakhonde. Ndikuopa kulowa m'nyumba."

Chingwe anamva yekha pa foniyo, chapatali. Tapu tapu tapu. Kenako kakhosomo kouma, kawiri. Ankakadziwa.

Namwino anamugwira paphewa. Dzanja lake linali lozizira.

"Achimwene, mayi uja atifera."

Chingwe anatsegula akaunti ija. Misozi inalengeza, poti zinali ngati akuwaika m'manda kachiwiri, ndi manja ake.

"Bambo, mundikhululukire," anatero.

Anadina pofufutira.

Mayina atatu aja anazimiririka. Pasanathe mphindi dokotala anaimba kuti walowa, chithunzi wachiona, amutengere mayiyo ku opaleshoni msangamsanga. Namwino anauza anzake pa foni ya pakhoma. Mayiyo anachira, ndipo mpaka lero sadziwa chilichonse cha zimenezi.

Koma awiriwo asanatuluke m'kachipindamo, foni ya Chingwe inalira. Anali mkazi wa malemu uja.

"Asiya kutaipa," anatero.

"Ambuye alemekezeke, mayi."

"Ayi, tamvera. Chitseko chija chatseguka, kiyi ali m'manja mwangamu. Andidutsa pompano. Sindinaone munthu, koma geti latseguka n'kutsekeka. Chikwama chawo cha kuntchito palibe pa msomali."

Foni inaduka.

Chingwe anayang'ana namwino. Namwino anafunsa chapansipansi.

"Achimwene, munthu VPN ikamukana kunyumba, mumamuuza kuti atani?"

Chingwe anafuna kusayankha, koma mawu anatuluka okha.

"Abwere adzagwirire ku ofesi."

Kuchokera kwa a Magalasi kufika pachipatalapo ndi ulendo wa mphindi makumi awiri. Namwino akuti iye anathawira kuwodi. Chingwe anatsala, poti seva sakanaisiya opaleshoni ili mkati. Anakhoma chitseko, n'kukhala moyang'ana wotchi.

Mphindi khumi. Khumi ndi zisanu.

Itakwana nthawi, m'khonde munamveka mapazi. Pang'onopang'ono, okoka mwendo umodzi. Anaima pakhomo. Kakhosomo kouma, kawiri.

Sanagogode. Anali ndi kiyi wawo.